Chaka Chimene Ndinamana Mtedza Madzi

Ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa nthawi zonse ndikamafotokoza nkhaniyi pamapezeka wina wonena kuti mchere ndathira wambiri. Mboni yoyamba ndi amayi anga. Alipo, Lamulungu lililonse amakhala pabenchi yachitatu kumbali ya azimayi, ndipo chibadwire sananamepo, kupatula pamene akuuza mlendo kuti iwo adya kale. Yachiwiri ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, mlimi wa fodya. Awa kunama amanama, sindikana, koma pa nkhani iyi anasowa poti awonjezere. Yachitatu ndi aneba athu a munda wa kumtunda, amene anabwera ndi chikwanje. Mukawafunsa lero adzakuuzani kuti ankapita kokadula mitengo. Afunsenibe. Yachinayi ndi aphunzitsi anga a ku yunivesite, mayi amene tinkangowatchula kuti a Dokotala. Amenewo musawafunse kanthu, mungabwereko mutalephera phunziro limene simunalembetse n'komwe.

Ndinali m'chaka chachinayi, chomaliza, ndikuphunzira za m'kati mwa zomera: mmene chomera chimamwera madzi, mmene chimapumira, ndi timankhwala timene chimadziphikira chokha m'masamba. Kwathu, mbali ya ku Guilleme, anthu ankaganiza kuti ndikuphunzira ulangizi, ndipo ndinatopa n'kuwakonza. Phunziro la timankhwala tija ndinali nditagwapo kale kamodzi. Pali chojambula china chozungulira ngati gudumu la njinga, chosonyeza mmene tsamba limasandutsira mpweya kukhala shuga. Ndinachiloweza mpaka ndinkachiona pansi pa mbale ndikamaliza kudya. Tsiku la mayeso gudumulo linaphwa. Choncho ndinalowa chaka chomaliza ndikudziwa kuti ndikangogwanso, ndiye kuti zaka zinayi zathera m'madzi, ndibwerera kumudzi ndi chikwama cha mabuku basi.

A Dokotala anali mayi wamfupi, wolankhula motsitsa mawu. Sanakalipirepo munthu. Sizinkafunika. Ndikulumbira, tsiku lina atalowa m'chipinda choyesera zinthu, nyemba zimene tinadzala m'miphika pawindo zinapinda masamba nthawi ili masana.

Wophunzira aliyense wa chaka chomaliza amachita kafukufuku wakewake. Wanga unali wa mtedza ndi ludzu. Ndinayenera kudzala mitundu iwiri, chalimbana wa m'nkhokwe ya amayi ndi mbewu ina ya makono, n'kuimana madzi kwa masabata atatu ikangoyamba maluwa. Kenako ndithyole masamba, ndipite nawo kusukulu, tikayese kamankhwala kena kotchedwa pulolini, kamene chomera chimapanga chikamva ludzu kuti chisafe msanga. Ndinapempha kukachitira kwathu, popeza munda unalipo waulere. A Dokotala analola, koma anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Masabata atatu," anatero. "Dontho limodzi likagwerapo, kaya la mvula, kaya la thukuta lanu, musabwere nawo masambawo. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo, ngati wochoka pamaso pa apongozi.

Tsono nthawi ya dzinja mtedza ungaumane bwanji madzi? Umaumangira denga. Atsibweni anandipatsa mitengo yotsala pa chigafa chawo cha fodya. Chipepala cha pulasitiki ndinakagula kumalire, kwa bambo wina wa ku Zambia amene ankagulitsa motsikirapo. Mtedza utayamba maluwa, ndinamanga pamwamba pake chisakasa chotalika ngati nyumba ya zipinda ziwiri, chopanda makoma, n'kukumba ngalande mozungulira kuti madzi othamanga asalowe. Kunja kwake ndinasiya mizere ina ya mtedza womwewo, woti uzimwa monga mwa nthawi zonse, kuti ndidzakhale ndi poyerekezera.

Cholakwa changa choyamba chinali malo. Munda wa amayi uli m'mbali mwa njira yochokera kutchalitchi kulowa m'mudzi. Aliyense wopita kukapemphera, kumjigo kapena kugolosale ankadutsa pa chisakasa changa. Cholakwa chachiwiri chinali pakamwa panga. Tsiku limene ndinamaliza kumanga ndinakakhala pabenchi ya pagolosale, ndipo aneba aja anali pomwepo.

"A Yunivesite," anatero, popeza ndilo dzina limene anandipatsa, "kodi masiku ano mtedza ukugona m'nyumba?"

"Ayi, bambo. Chisakasa chija n'choletsa mvula."

"Choletsa mvula?"

"Eya. Ndikufuna kachilala ka masabata atatu."

Benchi yonse inaseka. Aneba anaseka mpaka kutsokomola. Anandigulira ngakhale sikono, ati ndadyetsa anthu chimwemwe. Madzulo a tsiku lomwelo kunagwa mvula yabwino, ya mkokomo, ndipo ndinaima m'chisakasa changa ndikunyadira kuti pansi pali gwa, palibe podontha.

Imeneyo inali mvula yomaliza.

Sabata yoyamba palibe anadandaula. Mu Januwale mvula imapumira, aliyense amadziwa. Anthu anabandira, anathira feteleza wachiwiri, akumati ibwera mawa. Amene anayamba kuvutika ndinali ine. Mizere yakunja ija inafunika kumwa, apo ayi ndikanayerekezera mtedza waludzu ndi mtedza waludzu unzake. Choncho ndinayamba kupita kumjigo ndi keni, m'mawa ndi madzulo. Ndinkathirira yakunja mpaka kukhuta, kenako n'kudutsa yam'chisakasa ndi keni yanga osaipatsa n'kadontho komwe, iyo itaweramitsa masamba ikundiyang'ana. Azimayi a pamjigo ankaona zonsezo.

Panalinso nkhani ya kyutekisi, utoto uja azimayi amapaka m'zikhadabo. Pansi pa tsamba lililonse pali timabowo ting'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timene chomera chimatsegula popuma n'kutseka chikamva ludzu. Kuti utiwerenge umapaka kyutekisi woyera pansi pa tsambalo, akauma umamatula ndi selotepi, ndipo chithunzi cha timabowoto chimatsalira pamenepo, kudikira makina oonera zinthu zazing'ono. Si ine ndinayambitsa njira imeneyi, ili m'mabuku. Koma tangoganizani: mnyamata wandevu zake, wagwada m'munda dzuwa lili pamutu, akupaka masamba a mtedza kyutekisi, akuuzira ndi pakamwa kuti aume, kwinaku akulemba m'kabuku kakuda. Mwini golosale, amene anandigulitsa kyutekisiyo, sanasunge chinsinsi ngakhale kwa ola limodzi.

Pofika sabata yachiwiri chimanga cha mudzi wonse chinapota masamba, chinaima ngati anyezi. Ine ndinkadziwa chifukwa chake, ndipo ndinalakwanso kufotokozera bambo wina panjira kuti kupota kumeneko ndi nzeru ya chomera, chikudzichepetsera malo owombedwa ndi dzuwa. Bamboyo anandiyang'ana mmene mungayang'anire munthu amene akuyamikira bokosi pamaliro a mwana wanu.

Chinanyanyitsa zinthu ndi mitambo. Masana aliwonse inkakwera kumadzulo, mbali ya ku Zambia, yakuda bii, ziphaliwali zikung'anima. Tinkamva fungo la mvula. Kenako inkakhuthukira konko, kuno n'kutsala kamphepo. Nthawi yomweyo anthu anakumbukira kumene ndinagula chipepala chija. Mbiri inayenda yoti mvula ya mudzi ndinaigulitsa kwa munthu wa ku Zambia, iye n'kundipatsa pulasitiki. Mawu anga a pabenchi aja nawonso anakumbukika, koma kuseka kuja palibe anakukumbukira.

Apa ndisiye kaye nthabwala. Tonse tinamvapo pawailesi zimene zimachitikira munthu woganiziridwa kuti wamanga mvula. Sizithera pa mawu. Anthu amene ndinakula nawo anayamba kundipatsa moni akuyang'ana kumbali, kenako anasiyiratu. Ndikafika pamjigo macheza ankazima, kumangomveka chitsulo chikulira. M'mawa wina ndinapeza mwala waukulu ngati mutu wa mwana utaikidwa bwinobwino pakhomo la chisakasa. Sunaponyedwe, unachita kuikidwa, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa.

Lachinayi la sabata imeneyo mapemphero a mphakati, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, anayenera kuchitikira kunyumba kwathu. Amayi anasesa bwalo kawiri, anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, anafulula thobwa chidebe chathunthu. Anakhala pampando atavala chitenje cha mpingo mpaka dzuwa linapendeka. Sanabwere munthu ndi mmodzi yemwe. Amayi anapinda mphasa zawo imodziimodzi. Atamaliza anandiitana.

"Iwe, mtedza uja sungaupatseko timadzi pang'ono, anthu aone kuti mtima uli nawo?"

"Amayi, ndikathira, sukulu yatha."

"Nanga ukapanda kuthira?"

Ndinangonyamula mphasa zija n'kulowa nazo m'nyumba. Iwonso sanafunse kachiwiri.

Pa tsiku la 16 ndinalimba mtima, ndinakwera pachulu pamene pamagwira foni, n'kuimbira a Dokotala. Ndinafotokoza zonse: mitambo, mwala, mphasa. Ndinalankhula mpaka mayunitsi anayamba kundichenjeza. Iwo anamvetsera osandidula.

"Lero ndi tsiku lachingati?" anafunsa.

"La 16, a Dokotala."

"Ndiye atsala asanu. Masamba muwasunge pozizira."

Anadula. Ndinatsala pachulu paja ndikuyeza mantha awiri, a mudzi ndi a mayi uja, ngati munthu woyeza matumba awiri m'manja. Analemera chimodzimodzi.

Lamulungu lotsatira, tsiku la 18, ansembe a ku Guilleme sanabwere kutchalitchi chathu, ndiye mwambo anatsogolera aphunzitsi a mpingo. Tinapempherera mvula. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo ndikuuzani zoona, m'tchalitchi modzaza chonchija, anthu ena ataimirira panja, benchi yanga inali ndi malo okwana anthu asanu ndi mmodzi. Titatuluka anthu sanabalalike monga mwa masiku onse. Anaima m'timagulu, kenako timaguluto tinasanduka gulu limodzi, n'kuyamba kutsika ndi njira ya kumunda kwathu. Ndinadulira m'chimanga, ndinakafika poyamba, n'kuima kutsogolo kwa chisakasa. Musaganize kuti kunali kulimba mtima. Miyendo inangothera pamenepo.

Aneba anali patsogolo, atavala jekete la kutchalitchi, chikwanje kumanja. Kumene anachitenga sindikudziwa, chifukwa m'tchalitchi analibe.

"A Yunivesite, chotsani chinthuchi."

"Bambo, ndiloleni ndifotokoze. Pansi pa tsamba pali timabowo, timene timatseka..."

"Mwamva?" anatero mayi wina kumbuyo. "Akudziwa ndi potsekera pomwe!"

Ndinayesanso. Ndinatchula pulolini. Dzina limenelo silinandithandize, linamveka ngati chinthu chosungidwa m'nsupa. Ndinaona amayi ataima pambali pa gululo okha, atagwira buku lawo la nyimbo ndi manja awiri.

Amene anandipulumutsa tsiku limenelo ndi munthu amene sanapite n'kutchalitchi komwe. Atsibweni anatulukira pa njinga, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, popeza ankachotsa mphukira kumunda kwawo. Anaimika njinga pakati pa ine ndi chikwanje, osafulumira, n'kuyamba kupukuta manja pa thalauza.

"Kodi mlandu ndi wa uyu? Uyu ndalera ine. Ndinamutuma kukamangirira mbuzi kudambo, mbuzi inafika kunyumba iye asanafike. Lero akamange mvula?"

Ena anaseka, koma pang'ono. Aneba sanaseke.

"Achimwene, musatiseketse. Ine chimanga ndathira feteleza, chikupsa ndikuona. Ana asanu ndi mmodzi adya chiyani? Iyeyu ananena yekha pamaso pa anthu kuti akufuna chilala."

"Ananena, n'chitsiru. Koma ndikufunseni, achimwene. Nazale yanu ya fodya ikatsala pang'ono kuwokera, mumatani?"

"Timasiya kuthirira."

"Masiku angati?"

"Sabata. Mwina awiri."

"Mbande zikufota inu mukuona, keni ili pomwepo?"

"Ndiye kuti zilimbe, zisakafe kumunda. Mukufunsa ngati simulima fodya bwanji?"

"Eya. Inu mumamana mbande madzi chaka ndi chaka, palibe anakubwereranipo ndi chikwanje. Mwanayu akufuna kudziwa chimene chimalimbitsa mbewu m'kati mwake ikamva ludzu. Zaka zinayi ali pasukulu kuti adziwe chimene inu mumachita musanamwe tiyi. Ameneyu ngofunika kumumvera chisoni, osati kumuopa."

Ndinanyozeka pamaso pa mudzi wonse, ndipo sindinamvepo kukoma kotero. Gulu linayamba kung'ung'udza mwamtundu wina. Alimi a fodya anali ambiri pamenepo, ndipo aliyense anali atamanapo mbande madzi. Koma aneba sanali munthu woipa kapena wopusa, anali munthu amene chimanga chake chikufa.

"Ngati chipepalachi chilibe kanthu, achotse tione. Chavuta n'chiyani?"

"Masiku atatu okha, bambo," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwanapiye. "Lachitatu ndithyola masamba, basi."

Anayang'ana chisakasa, anayang'ana kumwamba, anayang'ana amayi.

"Lachitatu dzuwa likafika pamutu ndidula ndekha zingwezi. Ndalemekeza mayi anuwa."

Anthu anabalalika. Ine ndinaona ngati ndapulumuka, mpaka ndinayamba kuthokoza atsibweni tikuyenda, iwo akukankha njinga.

"Usathokoze, mphwanga. Sunaone msampha?"

"Msampha uti?"

"Mvula idzagwa ndithu, siingakhale kumwamba mpaka kale. Ikadzagwa atachotsa chipepala, kaya mawa lake, kaya patapita sabata, anthu adzati chiyani? Adzati taonani, tachotsa, yagwa. Ndiye kuti womanga unali iwe, mpaka kumanda. Iwe udzathawira ku Lilongwe. Mayi akowa adzathawira kuti?"

Ndinaima panjira.

"Upemphere igwe chipepala chikadali pamwamba," anatero. "Njira ina palibe."

Choncho munthu amene mudzi unkati wamanga mvula ndi amene ankaifuna kuposa wina aliyense m'boma lonse la Mchinji. Lolemba kumwamba kunali mbee, ngati mbale yotsuka. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinayang'ana kumwamba mpaka khosi linauma, ndipo kwa masiku awiri ndinkadya nditagona chagada. Amayi alipo, afunseni. Ndinalonjeza Mulungu zinthu zambiri masiku amenewo, zina sindinakwaniritse mpaka lero.

Lachitatu kunacha kotentha modabwitsa, mpweya uli tsoo, osagwedeza tsamba. Atsibweni anabwera kuchokera kuboma ndi bokosi lozizira limene anabwereka kwa mayi wogulitsa mafirizesi, lodzaza ndi ayezi. Ndinalowa m'chisakasa. Mtedza wamakono uja unali utagona pansi ngati wakomoka. Chalimbana wa amayi anali wofota nayenso, koma ataimabe. Ndinathyola masamba, mtundu uliwonse m'kajumbo kake, amkati ndi akunja, ndikulemba manambala. Pofika teni koloko ntchito inali itatha. Masabata atatu anakwana opanda dontho. Za a Dokotala ndinali nditathana nazo. Zinatsala za amayi.

Cha m'ma leveni anthu anayamba kufika. Aneba anakhala pa mzere, chikwanje pamiyendo, akuyang'ana chithunzithunzi chawo pansi mmene chinkafupikira. Kumadzulo mitambo ija inayamba kukwera monga mwa masiku onse, koma tsikuli sinaime pamalire. Inkabwera, koma mwaulesi, ngati mkamwini woitanidwa kumunda kwa apongozi. Ine ndinayamba kuthyola masamba osafunika. Ndinkathyola limodzi, kuliyang'ana kuseri, kulilemba m'kabuku, kulipatsa nambala. Ndinathyola ndi la chisoso chomera m'mizere.

"A Yunivesite, dzuwa lafika."

"Atsala awiri, bambo."

"Munatero kale."

Anaimirira. Chithunzithunzi chawo chinali pansi pa mapazi. Anapita pa nsanamira yoyamba, n'kukweza chikwanje pa chingwe. Mitambo inali idakali kutsidya kwa dambo. Ndinatseka maso.

"Bambo," anatero amayi. Sanakweze mawu. "Chinthu chimene mukuti muli zoipa, mungachigwire osayamba mwapemphera? Mukufuna zikutsatireni kunyumba?"

Aneba anaima, chikwanje chili m'mwamba.

Amayi anagwada pafumbi pomwepo, anatulutsa kolona m'chitenje, n'kuyamba: "M'dzina la Atate..." Tsono onse amene anali pamenepo anali akatolika, ena a m'mphakati womwe uja umene sunabwere kunyumba. Munthu atayamba kolona sungamusiye yekha. Anagwada mmodzimmodzi. Aneba anagwada pomaliza, chikwanje n'kuchigoneka pambali.

Amayi anga ndimawadziwa. Masiku onse kolona amamuthamangitsa, amatha madzi a tiyi asanawire. Tsiku limenelo Tikuoneni Maria aliyense ankatalika ngati msewu wa ku Kapondo. Kolona wa masiku onse ali ndi zigawo zisanu zotchedwa zinsinsi, ndipo pakati pa chinsinsi ndi chinsinsi ankaikapo zopempha. Anapempherera odwala onse a m'mudzi, aliyense ndi matenda ake. Anapempherera akufa, kuyambira agogo awo. Anapempherera ansembe, masisitere, oyendetsa maminibasi, ana a sukulu, ndi anthu a ku Zambia. Anapempherera ng'ombe za atsibweni, zimene zinagulitsidwa ine ndili sitandade 6. Mawondo a anthu ankapsa pa dothi lotentha. Ndinaona aneba akusinthasintha bondo, akutsegula diso limodzi kuyang'ana chingwe. Ine diso langa linali kumwamba.

Pa chinsinsi chachitatu dzuwa linabisika. Kunabwera kamphepo kozizira, chimanga chonse n'kuchita phokoso. Palibe anadzuka. Amayi anachepetsanso liwiro.

Pa chinsinsi chachinayi ndinamva pha! pamwamba pa chipepala. Dontho limodzi, lalikulu. Pulasitiki sabisa mvula, amailengeza. Pha! Pha! Mayankho a anthu anayamba kusokonekera. Kenako kumwamba kunang'ambika.

Mvula ngati imeneyo sindinaionenso. Inagwa ngati akukhuthula migolo. Anthu anadzambatuka, ndipo malo ouma pafupi anali amodzi okha. Mudzi wonse unalowa m'chisakasa changa. Azimayi, azibambo, aphunzitsi a mpingo, mwini golosale, mayi uja wa potsekera, onse anapanikizana pansi pa chipepala cha ku Zambia, akupondaponda kafukufuku wa digiri. Ine ndinakhalira bokosi la masamba, n'kuligwira ndi manja ndi miyendo. Atsibweni analowetsamo ndi njinga yomwe.

Amayi analowa pomaliza, atanyowa, n'kupitiriza pamene analekezera. Anthu anayankha mokweza kuposa kale, ena akulira, ena akuseka, phokoso la padenga likumiza mawu. Aneba anaima pafupi nane, m'mphepete, akuyang'ana munda wawo kumtunda mmene madzi ankadzazira m'makwawa. Chikwanje chinatsala panja pamvula. Kenako, osandiyang'ana, anakweza dzanja n'kugwira chipepala, kuchiyesa kulimba kwake.

"A Yunivesite," anatero, "chinthuchi sichidontha, eti? Mukathana nacho mundiuze. Chigafa changa chikulowa madzi."

Ndinawapatsa tsiku lomwelo mvula itakata. Zingwe anamasula ndi manja, kuti zisaonongeke.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe, bokosi lili pamiyendo. Kusukulu tinasinja masamba aja, kuthira mankhwala, kuwiritsa. Pulolini akakhalapo, madzi a m'timabotolo amafiira. Anafiira, a chalimbana kuposa enawo. A Dokotala anakweza kabotolo kamodzi pawindo, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Masabata atatu anakwana?"

"Anakwana, a Dokotala."

"Panalibe zovuta zina?"

Ndinaganiza za mwala, mphasa, chikwanje, ndi mudzi wonse utaima pa mtedza wanga.

"Panalibe."

"Chabwino," anatero. M'zaka zinayi, amenewo ndi mawu otalika kwambiri oyamikira amene ndinawamva pakamwa pawo. Ndinakhoza.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza chimanga chitadzuka, ngakhale kuti cha anthu ena chinali chitapita kale, ndipo chaka chimenecho nkhokwe zambiri sizinadzaze. Mapemphero a mphakati anachitikiranso pansi pa mango wathu, thobwa linatha. Anthu atapita, ndikuthandiza amayi kupinda mphasa, ndinawafunsa chimene chinkandivuta.

"Amayi, tsiku lija mvula ikanapanda kugwa pa chinsinsi chachinayi, mukanatani?"

Anakung'untha mphasa, osandiyang'ana.

"Kolona ali ndi zinsinsi makumi awiri, mwanawe. Ine ndinali nditangoyamba."